Atate, Bwezani Makwerero a Kutchalitchi

Dambwa North,
Livingstone.
Okutobala.

Atate anga okondedwa,

Odi pakhomopo, ndine Florida wanu wapakamwa uja. Mwadzuka bwanji ndi chizungulire chija? Mapiritsi a bipi mukumwa, kapena mwawaikanso pawindo kuti muzingowayang'ana? Nanga Amayi miyendo ija ikuwalola kupita kudimba? Kuno tili bwino tonse atatu, ine, mkamwini wanu a Mubita, ndi mdzukulu wanu Liseli.

Ndalemba kalata mwadala, chifukwa pafoni mumandithawa. Ndikangoyamba nkhani imene simukuifuna mumati netiweki yavuta, n'kupatsira foni Amayi. Papepala palibe netiweki, Atate. Valani magalasi aja, mukhale pansi, muwerenge mpaka kumapeto.

Ndamva kuti makwerero a kutchalitchi afika kale kuseri kwa nyumba. Ndamvanso kuti misomali mwagula kuboma ku Chadiza, ndipo mukungodikira tsiku loti Amayi apite ku chigwirizano kuti mukwere padenga popanda wokuletsani. Wandiuza ndi Tikambenji. Musamukalipire mng'ono wangayo, ndinachita kumupanikiza ndine. Chimvereni nkhaniyi mtima wanga sunakhale pansi, ndipo ndibwereranso kwa inu, musaganize kuti mwapulumuka.

Kuno dzuwa likuotcha zoti munthu sungaponde pansi wopanda nsapato. Njovu zayambanso kulowa m'makomboni kufuna mango, moti sabata yatha zinagwetsa mpanda wa aneba athu n'kudya mapapaya onse. Liseli anaziona m'mawa zikubwerera kutchire, ndiye tsopano akuuza aliyense kusukulu kuti agogo ake a ku Chadiza akanakhalapo akanazithamangitsa ndi nyundo. Mwanayu amakuyesani chimphona. Dzino lake lakutsogolo lachoka, ndipo akukana kujambulidwa mpaka limere lina.

Ntchito ikuyenda. Mwezi uno ndiye tilibe mpumulo, poti aliyense wakumbukira denga lake ataona mitambo ikusonkhana tsidya la Zambezi. Paja munandiseka chaka chatha nditakuuzani kuti ndimayendera madenga ndili chiimire pansi. Munati kalipentala sangadziwe denga asanaliponde, ndipo kandeke kanga ndi choseweretsa cha ana a olemera. Lero ndikufotokozereni bwino, chifukwa tsiku lija simunandipatse mpata.

Chidachi dzina lake ndi dironi, koma kuno aliyense amangoti kandeke. Kukula kwake ndi ngati thireyi ya tiyi, kali ndi timapiko tinayi tozungulira ndi kamera kumimba. Ine ndimaima pabwalo ndi chowongolera m'manja, kandeke n'kukwera, ndipo zonse zimene kakuona ndimaziona pafoni: msomali wozuka, lata lodyeka ndi dzimbiri, phula losweka ndi dzuwa. Ndikapeza povuta ndimajambula, kenako a Mubita ndi anzawo amakwera kukakonza pamalo pomwepo, atamanga lamba m'chiuno ndi chingwe. Abwana athu, ba Imasiku, salola munthu kuponda lata wopanda lamba, ngakhale litakhala denga la khola la nkhuku.

Koma kandeke kamangoona, sikadziwa kanthu. Wodziwa ndine, ndipo ndinaphunzira kwa ndani? Zaka zonse zija ndinkakugwirirani makwerero, misomali ili m'thumba la diresi yasukulu, inu mukukuwa pamwamba kuti ndisayang'ane anyamata ndiyang'ane mapazi anu. Ba Imasiku amadabwa kuti ndimadziwa bwanji pamene padutsa mtanda pansi pa lata. Ndimawauza kuti ndine mwana wa kalipentala wa ku Chadiza, ndipo ndimanena monyada.

Zimene zili pamadenga a anthu, Atate, mukanaseka mpaka kutsokomola. Matayala, njerwa, njinga yakufa, nsapato imodzi, mfutso woiwalika wa chaka chatha, ndi mipira ya ana yokwana sukulu yonse.

Tsiku lina ku Maramba tinatsala pang'ono kumenyedwa. Ba Imasiku anakulira m'mayadi, m'nyumba ya bafa lam'kati. Za mphepo amadziwa, za mawaya a magetsi amadziwa, zoti tisayandikire ku bwalo la ndege amadziwanso, koma zoti mabafa a m'komboni alibe denga sizinawafikepo m'mutu. Anangokweza kandeke m'mawa, nthawi yeniyeni yosamba. Mayo ine, phokoso lake! Amayi ena anatuluka chitenje chili m'khwapa, thovu lili m'makutu, mwala uli m'manja, ndipo abwana anga ndi mimba yawo ija anathawira m'galimoto n'kukhoma zitseko. Ndinatsala ndine kupepesa m'Chinyanja, m'Chitonga chothyokathyoka ndi m'Chilozi cha kuukwati. Kuyambira pamenepo, tisanaulutse ndimayamba ndayenda khomo ndi khomo kuchita odi, kuti amene ali kubafa amalize kaye.

Odi ameneyu ndi amene anandifikitsa pakhomo pa ba Lungowe ku Linda, ndipo nkhani yawo ndi imene ndakulemberani kalatayi.

Tinali kuona denga la aneba awo. Nditagogoda kwa ba Lungowe ananditsegulira eni ake, mayi wamsinkhu wa Amayi, amene amagulitsa nsomba zouma pa Maramba Market. Ndinaona mabeseni ndi zidebe zitasanjikizana pakhomo, khoma lili ndi mizere ya madzi, ndipo bedi lili pabalaza. Nditawafotokozera za kandeke anandigwira dzanja n'kundifunsa kawiri ngati ndi zoona kuti palibe munthu akwera. Ndinati palibe. Anandikhazika pampando n'kundiuza zonse.

Amuna awo, ba Inambao, anapuma ntchito ya njanji, ndipo anali munthu wa manja ngati inu. Chaka chilichonse mvula isanagwe ankakwera okha kukhoma misomali. Chizungulire chitayamba kuwavuta, akazi awo anawaletsa, ana anawaletsa, iwo n'kuvomera bwinobwino ngati munthu womva. Chaka cha dzana, mwezi ngati uno, anadikira kuti mayiwo apite kumsika, n'kubwereka makwerero. Aneba anawapeza ali gone m'mbali mwa khoma. Kuchipatala sanakhalitseko, anamwalira.

Chichokereni tsikulo ba Lungowe sanalolenso munthu kukwera padengapo, kaya mwana wawo, kaya mmisiri. Mvula ya zaka ziwiri yawagwera m'nyumba. Anati kuli bwino kugona ndi beseni pamiyendo kusiyana ndi kudzatolanso mwana wa munthu pansi pa khoma lija. Koma poti kandeke kalibe mkazi woti n'kumusiya wamasiye, anati kakwere kaone.

Titamaliza kwa aneba ndinabwerera. Anakhala pafupi nane pakhonde, mutu wawo utagunda wanga, tonse maso pafoni. Kandeke katakwera ndinaona mzere wa misomali yatsopanoko kusiyana ndi inzake, wowongoka bwino, wochokera kumapeto kwa denga kulowera pakati. Ndinautsata pang'onopang'ono. Pakatikati mzere unathera panjira. Pamene unatherapo panali nyundo, itatsamira njerwa, dzimbiri lake litayenderera palata. Pambali pake panali kachitini ka misomali kogubuduzika.

Ba Lungowe anaika chala pafoni, pa nyundoyo. Anati anaifunafuna nyumba yonse, mpaka anaganizira anthu a pamaliro kuti anaiba, osadziwa kuti nthawi yonseyi inali pamwamba pa mutu wawo. Kenako anayamba kuwakalipira amuna awowo m'Chilozi ngati ali pomwepo. Chilozi changa n'chochepa koma ndinamva. Amawafunsa kuti lata limodzi lotsalalo ndi limene linali lofunika kuposa iwo? Atatero anaseka, akuti taonani kuwongoka kwa mzerewo, munthu wamakani uja. Kuseka kuja kunathera m'misozi.

Ine ndiye ndinasokonezeka, Atate, mpaka kandeke ndinakatsitsira mumtengo wa mango, a Mubita n'kuchita kukatola ndi nsungwi. Chinandisokoneza si imfa ya munthu amene sindinamuonepo ayi. Chogwirira cha nyundo ija chinali chokulungidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, monga mmene mumakulungira yanu. Ndinaona nyundo yanu, ndinaona Amayi atakhala pakhonde ndi mwana wa eni akuwasonyeza pafoni. Ndinalira pamaso pa kasitomala, ine amene mumati maso anga ndi ouma.

M'mawa mwake ba Lungowe anatiitana okha. Anayamba ayesa lamba wa a Mubita ndi manja awo, kukoka chingwe, kufunsa pamene chamangidwa, kenako anagwira makwerero iwo eni, milomo ikupemphera. A Mubita anamaliza mzere uja, anasintha malata awiri, n'kutsika ndi nyundo. Anaipereka atagwada, ndi manja awiri, n'kuomba m'manja mwa kwawo. Mayiwo anaikulunga m'chitenje. Nsomba zimene zabwera ndi kalatayi ndi zawo, akuti zipite kwa atate ako amakaniwo, poti ndinawauza za inu.

Tsono pempho langa ndi limodzi lokha. Musakwere padenga chaka chino. Bwezani makwerero a kutchalitchi lero lomwe, ndipo Tikambenji akawajambule atatsamira khoma la tchalitchi anditumizire, chifukwa mawu anu pankhani iyi sindiwakhulupirira. Ba Inambao nawonso anavomera.

Sindikuti denga lisakonzedwe. Ba Imasiku andibwereka kandeke kakale, ndipo pa holide ya Indipendensi tikubwera tonse atatu, lamba ndi chingwe zili m'chikwama. Mvula ikatitsogolera, tcherani mabeseni. Kunyowa kwa mphasa sikunaphepo munthu.

Ndikudziwa kale chimene muyankhe. Muti mkamwini sakwera pamwamba pa chipinda cha apongozi, monga munanenera chaka chatha a Mubita atadzipereka. Ndinafunsa azakhali a ku Katete za mwambo umenewu. Anaseka mpaka foni inagwa, akuti chibadwire sanaumvepo, mwaupeka nokha kuti nyundo isachoke m'manja mwanu. Koma chabwino, tiulemekeza mwambo wanuwo. Tsikulo Amayi adzakhala pansi pa mtengo wa mango ndi Liseli, m'nyumba simudzakhala munthu, ndipo mkamwini adzakwera wopanda mlandu. Zoti Mlozi amadziwa bwato lokha, mudzanene mutaona mzere wake.

Inu ntchito yanu ilipo, ndipo ndi yaikulu. Tidzakuikirani mpando pabwalo, foni m'manja, denga lanu lonse mukuliona kuposa mmene munalionerapo. Palibe msomali udzakhomedwe musanaloze ndinu. Mudzakuwe mmene mungathere, mudzawauze a Mubita kuti apindika, abwereze. Avomera kale, akuti kukalipiridwa ndi apongozi ali pansi n'kwabwino kusiyana ndi kuwanyamula. Denga limenelo munalikhoma nokha ine ndisanabadwe, ndipo palibe akukulandani. Ine ndikungofuna mwini wake.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti mafuta opaka miyendo ndagula ndipo ndibwera nawo. Kalatayi muwawerengere yonse, osadumpha za makwerero, chifukwa ndidzawafunsa. Moni kwa Tikambenji ndi alamu anga, kwa azakhali mukawaona, kwa amalume a kudimba, ndi kwa abusa amene anakubwerekani makwerero osafunsa kuti wokwera ndani. A Mubita akupereka ulemu wawo. Liseli akuti mumusungire mango a pamtengo wa kukhitchini, ndipo akufuna mudzamuphunzitse kukhoma msomali pa thabwa, pansi.

Ndinakugwirirani makwerero ubwana wanga wonse ndipo simunagwe. Pano ndili kutali, manja anga safika ku Chadiza. Ndikadzafika ndidzayamba kutsegula bokosi lanu la zida ndisanamwe ndi madzi omwe. Nyundo ya mphira ija ndidzaipeze mmenemo, Atate, ndipo mudzandipatse ndinu.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene makani anatengera kwa inu,

Florida.