Mukawauze Amayi Kuti Ndili ndi Pakati

Bolton, Lachiwiri masana

Okondedwa azakhali,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Ntcheu? Mwendo uja unaphwa? Nanga mvula ikugwa, kapena yangowanyenga anthu kuti adzale? Ife kuno tilipo, kuzizira kokhaku. Dzuwa likatuluka limangosuzumira n'kubwerera.

Mudabwa kuti Tinenenji, uja amangotumiza mawu apafoni ali paliwiro, lero wagwira cholembera. Ndinayesa kujambula mawu, ndimangoyamba n'kufufuta. Ndiye ndalemba papepala, ndilijambula n'kutumiza pa WhatsApp.

Azakhali, ndili ndi pakati. Miyezi isanu.

Ndikudziwa mwagwira pakamwa. Musandikalipire kuti ndachedwa kunena. Munandilangiza nokha pachinkhoswe kuti mimba yoyamba salengeza mwini wake, amauza azakhali, azakhaliwo ndiye amakagwada kwa amayi. Munatinso ndisathamange, anthu ayambe aona okha. Koma kuno angaone ndani? Aliyense ali m'chijekete, maso pafoni. Mimba yakula mpaka pano oidziwa ali amuna anga a Wyson ndi achipatala basi.

Sabata yatha ndinapita kusikani, kuja amaona mwana pakanema ali m'mimba. Ndinapita ndekha. A Wyson akugwira ntchito yogonera konko ku Liverpool, akusamalira bambo wina wokalamba, kunyumba amabwera mwa apo ndi apo. Ndinalowa ndikuyang'ana nthawi, poti masana ake ndinali ndi intavyu ku Manchester, ntchito yeniyeni yogwirizana ndi digiri yanga, osati iyi yosintha matewera a nkhalamba. Mtsikana wopimayo ankacheza, kuseka, kundionetsa timiyendo. Kenaka kuseka kuja kunatha. Anati ndidikire, akaitane mnzake.

Akuti msana wa mwana sunatsekeke kumunsi, ndipo m'mutu mwayamba kudzaza madzi. Adokotala anati mwina sadzayenda, mwina mkodzo ndi chimbudzi sadzatha kudzigwira, ndipo maopaleshoni adzayamba akangobadwa. Za nzeru anati sangalonjeze, ena amafika mpaka kuyunivesite, ena ayi. Ndinafunsa kuti wangayu ali mbali iti. Anati sakudziwa. Ndinawapanikiza monga mundidziwira, ndinati nanga sukulu yonseyo munkaphunzira chiyani, ndipatseni yankho. Anangondisunthira tishu pafupi.

Pomaliza anati lamulo la kuno likundilola kuchotsa, wosankha ndine. Tikakumananso sabata yamawa.

Ku intavyu ndinapitabe. Ndinasukusula m'chimbudzi cha pasiteshoni, n'kukayankha mafunso onse ngati palibe chachitika. Dzulo andiimbira kuti ntchito ndaipeza, za viza akonza okha. Ndinathokoza m'Chingerezi chabwino, ndinadula foni, ndinakhala pansi pakapeti. Wolulutira panalibe. Mzungu wakuseri kwa khoma ankaonera mpira.

Mukukumbuka ndili ku Chanco, mmene ndinkakusokoserani patchuthi kuti lamulo lathu loletsa kuchotsa mimba lisinthe, atsikana asiye kufera m'zipinda zobisika? Inu munkati sukulu yandiwonjezera mwano. Maganizo amenewo sindinasinthe mpaka lero. Koma ndinkanena za mtsikana amene mimba sakuifuna. Ine mwanayu ndinkamufuna, ndinalowa m'chipinda cha sikani ndikumufuna. Ndiye ndikachotsa, ndakana chiyani? Ndikumupulumutsa ku mipeni ya madokotala, kapena ndikupulumutsa ntchito yanga? Nanga ndikamusunga n'kumamuona akuvutika, ndidzati ndinachitira iye kapena ndinaopa anthu? Ndikadzifunsa m'mawa yankho limabwera lina, madzulo lina.

A Wyson pafoni anati chilichonse ndingasankhe iwo ali pambuyo panga. Ndinati kumbuyoko sindikufunako munthu, bwerani kutsogolo kuno. Anaseka pang'ono, kenaka ndinamva akufwenthera. Belu la bambo wokalamba uja linalira, a Wyson anadula.

Lamulungu kutchalitchi ndinagwidwa. Kuli mayi ena a ku Ndirande, mayi Maggie, akhala kuno zaka zambiri pantchito yosamalira okalamba. Anandipeza kukhitchini ndikutsuka makapu nditavula jekete. Anandiyang'ana pamimba n'kunena kuti iwe mwana, chimenechi si tchipisi ayi. Ndinaseka, kuseka kuja kunasanduka kulira, ndinawauza zonse.

Ndinkayembekezera vesi. Iwo anatseka chitseko. Anati kuno kulibe agogo, kulibe womusiyira mwana, shifiti sidziwa kuti mwana wagonekedwa m'chipatala. Anati ukachita, mwana wanga, udzangoti ndapita padera, kwathu za padera safunsa, amangoti pepani n'kuyamba nkhani ina. Anati sudzakhala woyamba mumpingomo.

Sananame. Ndikukumbuka ndili wamng'ono, amayi angapo akutuluka pamudzi ndi khasu, wina atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje. Panalibe nyimbo, panalibe kulira, abambo anangokhala pakhonde. Nditafunsa, amayi ananditsina. Kuno n'zina. Mzamba anandiuza kuti ndikachotsa adzandipatsa mwanayo ndimunyamule, ndimutche dzina, adzadinda timapazi take papepala, ndipo ngati ndikufuna maliro adzakonza. Ndinati kwathu sititero. Anafunsa kuti nanga mumatani. Ndinati timangokhala chete.

Azakhali, kukhala chete kumeneko ndakhala nako miyezi isanu m'kanyumba kano, ndatopa nako. Ndikavomera nzeru ya mayi Maggie, ndidzakhala nako mpaka kukalamba, anthu akundipepesa pa chinthu chimene ndinasainira ndekha.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mangani chitenje chanu, mupite kwa amayi, mukagwire ntchito yanu monga mwa mwambo. Mukawauze kuti mwana wawo ali ndi pakati. Mukawauzenso za msana, za lamulo la kuno, ndi kuti sindinasankhe. Musadikire kuti ndiyambe ndasankha. Ndikachotsa, amayi adzadziwa kuti ndachotsa, ndipo ndi mmene aliri pa za Mvano mwina sadzandiyankhulanso. Ndikasunga, adzadziwa kuti ndinaganizapo zochotsa, ndipo tsiku lililonse adzanyamule mdzukulu wawo adzakumbukira. Zonse n'zowawa. Koma ndikufuna adziwe kuti mwanayu alipo, lero lino akumenyamenya pamene ndikulemba.

Ndili ndi funso lanunso. Mayankho wanu sanapondepo pansi chibadwire. Munamubereka kumsana kupita naye kusukulu mpaka miyendo yake inayamba kukokeka pansi. Pagulu mumati ndi mphatso, ndipo ndimakukhulupirirani. Koma ndinaonanso mmene msana wanu unapindikira. Mukanauzidwa ali m'mimba, adokotala n'kukuuzani kuti sankhani, mukanatani? Musandiyankhe za kutchalitchi, zimenezo ndikuzidziwa kale. Mundiyankhe ngati mkazi mnzanu.

Tsopano iwe Mayankho.

Ndikudziwa foni ya azakhali imakhala m'manja mwako, ndipo ndi maso awo aja, ndiwe ukuwawerengera kalatayi. Ndinaganiza zoitumiza kudzera kwa munthu wina, koma kukanakhala kukuyesa mwana, pamene iwe ndiwe wamkulu kwa ine. Ndiye wawerenga wekha, mokweza, kuti msuweni wako akuganiza zochotsa mwana chifukwa adzakhala ngati iwe. Ndayesa kufufuta n'kulembanso, mawu okometsera sindinawapeze.

Ndiwe unandikhozetsa masamu a Fomu 2, ukundimenya ndi rula uli panjinga yako, ukunditcha Madamu Changu. Sindinaganizepo, ngakhale kamodzi, kuti bola ukanapanda kubadwa. Koma sindinakufunseponso za zilonda zija, za maulendo a kuchipatala, za maukwati ndi magule amene tonse tinkathamangira iwe n'kutsala pakhonde ndi wailesi. Adokotala andipatsa timabuku tambiri, koma onse olemba timabukuto amayenda ndi miyendo yawo.

Sindikuti undisankhire, katundu ameneyo ndi wanga. Ungondiuza mmene zilili, zokoma ndi zowawa zomwe, usachotserepo. Ukafuna kunditukwana nditukwane, pakamwa pako ndimapadziwa. Chokhacho usakhale chete. Foni yanga sindizimitsa, ngakhale pashifiti ili m'thumba la yunifomu. Ungoliza kamodzi n'kudula, ndiimba ndine.

Azakhali, mundiperekere moni kwa atsibweni ndi onse pakhomopo, koma nkhaniyi isawapeze amayi asanaimve. Ndipo amayiwo musawaimbire foni. Mupite, mukawakhazike pansi, mukakhale nawo mpaka athe kulira.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu za ulendowo. Inenso mundikumbukire.

Ndine mwana wanu,
Tinenenji