Kanjira ka Miyala ka Adada

Okondedwa achimwene a Gordon,

Mukukumbuka tikusenza miyala kumtsinje, adada atangobwera kumaphunziro a mpunga ku Japan? Pokonza pakhomo pathu, ankatengera chithunzi cha nyumba yakale ya kumeneko: kumaso kapinga wachizungu ndi maluwa am'mizere, kuseri kadziwe ndi kanjira kokhotakhota. Inu munadandaula kuti miyala yopondapo yatalikirana. Iwo anati, "Dala, kuti mlendo aziyenda pang'onopang'ono."

Kuno ku Chilumba tili bwino, mvula yayamba. Koma adada kanjirako sakupondamonso. Timawakhazika kuseriko, iwo n'kumangoyang'ana kadziweko. Adokotala anena zina zomwe sindingalembe m'kalata.

Nditawauza adada kuti mwavomera kubwera Loweruka patatha zaka zonsezi, anandituma ndikasese miyala ija. Ndasesa. Chonde achimwene, inuyo musayende pang'onopang'ono.

Ndine mlongo wanu,
Eliness