Pansi pa Nsalu ya Amayi

Lolemba, 8 Julaye

Apongozi anga, Amayi Sumirah, asanza kawiri. Akuti mphepo yalowa m'thupi. Ndawapala msana ndi khobidi ndi mafuta kuti mphepoyo ituluke, mpaka mizere kufiira psuu. Akuti: “Dzanja lako ndi laulesi, mwana iwe, kanikiza!” Sanageye.

Lachiwiri, 9 Julaye

Mimba yatupa ngati ng'oma. Kuchimbudzi ayi, ngakhale kuphwisa. Masanzi obiriwira. Ine ndi mwamuna wanga, Mas Darmaji, tawatengera ku chipatala cha pamudzi. Dokotala wake ndi mwamuna, a Sukarman. Anamvetsera mimba pamwamba pa nsalu, nati matumbo akulira ngati atsekeka.

“Amayi, palibe chotupa penapake? M'mphechepeche? Ndione.”

Amayi anagwira mfundo ya nsalu ndi manja onse. “Ndinakuona ukuyenda wopanda kabudula iwe, lero uvule ine? Palibe kanthu.”

Tonse tinaseka. A Sukarman sanaseke. Anandinong'oneza kuti ndikawaone ndine, ndipo chikapezeka cholimba chosabwerera mkati, ndiye kuti thumbo lafinyika, tithamangire ku tauni. Ndinavomera. Koma mkazi wa mwana amayamba bwanji kuvula apongozi ake?

Lachitatu, 10 Julaye

Akuti ululu watha! Amwa tiyi wa jinja. Mas akuti khobidi lagwira ntchito, za ku tauni tisiye. Ndinafika pa mfundo ija, anandimenya dzanja. Ndinaika khutu pamimba. Zii. Zimenezi sindikuzikonda.

Lachinayi, 11 Julaye

Thupi moto. Atisiyira m'galimoto popita ku tauni, tisanadutse minda ya mpunga.

Lachisanu, 12 Julaye

Tinawasambitsa dzulo lomwelo, ine ndi a Ngatinem osambitsa maliro. Dzanja langa likuyenda kunsi kwa nsalu, ndinachigunda. Kumanja, m'mphechepeche. Ngati dzira la bakha, gwa, khungu lake lakuda. Mayi ine!

A Ngatinem anandigwira mkono. “Zimene aona osambitsa sizituluka pakhomo. Wamva?”

Sabata yonseyi dzanja lomweli linali pamsana pawo, chinthu chili apa.

Lamulungu, 14 Julaye

Ndikatola dzira kukhitchini ndikulibweza. Alendo a mapemphero akufunsana chawapha n'chiyani, Mas akuyankha kuti mphepo. Ine ndikungogawa tiyi.

Lachiwiri, 16 Julaye

A Painem, ang'ono awo a malemu, abwera akutsimphina, dzanja pamimba. Akuti asanza m'mawa. Mawu ngati a Amayi enieni. Anandipatsa khobidi lomwe lija, natembenuza msana.

“Ndipale, mwana iwe.”

Ndaliika pa tebulo. Ndatseka chitseko.

“Amayi aang'ono, ndikuuzani zimene ndinaona posambitsa. Kenako mumasule nsalu.”

Dzanja lawo linapita pa mfundo, n'kuyamba kuimasula.