Mapaini Anu a Kuseri kwa Khola

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Kasakula tilipo. Mkazi wa mlongo wanga Yohane wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, koma kulira watengera bambo ake. Chimanga sichinabereke bwino poti feteleza tinathira mochedwa, komabe tifika nacho mu Januwale.

Ine sukulu ya zankhalango ija ndinamaliza. Munkandiseka kuti ndikupita kutali kukaphunzira bowa yemwe inu munkazula m'phiri osalipira fizi. Pano ntchito yanga ndi kuyendera mitengo yodwala m'mapiri a Ntchisi. Ndimasenda khungwa, kufukula mizu, kununkhiza, zina n'kutumiza kokayeza. Ndikafuna kuthamanga ndimakumbukira mawu anu aja, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene ndalembera kalatayi ndi mapaini khumi ndi awiri amene munabzala kuti adzakhale matabwa a denga la Yohane. Mu Febuluwale ndinaona atatu akufiira, utomoni ukuchucha patsinde. Nditasenda khungwa m'munsi ndinapeza zoyera ngati pepala, zonunkha bowa. Ndi nthenda yoola mizu, Amayi, ndipo ilibe mankhwala. Inachokera m'zitsa zakale zija munakana kuzula, mukuti chitsa chimagwira nthaka. Sindikukudzudzulani. Tsiku tinkabzala mapainiwo, khasu linalo linali m'manja mwanga.

Ndinauza amalume a Chimwaza, achimwene anu, kuti tigwetse atatuwo ndi awiri oyandikana nawo, tizule zitsa, tikumbe ngalande kuti nthendayo isawoloke. Anakanitsitsa. Kwa iwo chinthu cha malemu sichikhudzidwa chiliza chisanamangidwe, ndipo chanu timanga mu Okutobala fodya akagulitsidwa. Ndinawalongosolera kawiri konse kuti nthendayi imayenda pansi ndipo siidikira fodya. Anangondiyang'ana ngati ndikuyankhula m'mtondo.

Loweruka lina amalume atapita ku msika kwa Malomo, ndinatenga nkhwangwa. Ndinagwetsa onse asanu, Amayi. Zitsa ndinazula n'kutentha, ngalande ndinakumba yofika m'chiuno. Yohane sanagwireko, komanso sanandiletse.

Kuyambira pamenepo amalume sayankha moni wanga. Atumiza mawu kwa Yohane kuti wodula mitengo ya mayi ake asadzaponde kumanda pa tsiku la chiliza. Zikundiwawa kwambiri, chifukwa ndi iwo anandiperekeza kokwerera basi ulendo wanga woyamba wa kusukulu, atanyamula chikwama changa pamutu. Ndapita kukapepesa kuti sindinawamvere, koma kunena kuti ndinalakwa kudula sindingathe, likhala bodza.

Ndiye mukadzaona anthu onse atasonkhana ine kulibe, musadzati ndakunyanyalani. Ndidzabwera m'mawa mwake ndekha, ndidzasese pamanda panu, ndikuuzeni ngati asanu ndi awiri otsalawo akadali obiriwira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati