Kachilonda ka pamlomo

Mwana wanga Silas,

Ndikhulupirira kuti ku Joniko uli bwino. Kuno ku Chikale usipa ukusowa, ndipo miyendo yangayi ndi yomwe ija.

Khanda lako lili kuchipatala, lero ndi tsiku lachinayi. Linasiya kuyamwa, thupi linatentha, kenako linayamba kukomoka. Adokotala akuti si malungo. Akuti ndi kachilombo ka tizilonda ta pamlomo, tija timati malungo akutuluka, ndipo kwa khanda kamatha kufika ku ubongo. Anafunsa kuti analipsompsona ndani.

Ine ndikumudziwa. Mlamu wako Thandie, wa kuofesi uja, analowa m'chikuta mchombo usanagwe, milomo ili psuu ndi lipisitiki. Munthu wopaka chonchija m'mamawa amakhala akubisa chiyani? Nditamufunsa anati, "Amama, yang'anani nokha, ndilibe kanthu." Inde, pano alibe. Tizilondati timapola.

Mkazi wako sakundilankhula chichokereni kwa adokotala. Amangondiyang'ana pakamwa. Kachilonda kanga kanali kakang'ono, Silas, kanali katayamba kale kuuma, ndipo khandalo ndinangolikhudza ndi mlomo pamphumi kamodzi.

Usadikire Khirisimasi, bwera.

Ndine mayi ako,
NyaMhone