Chithunzi cha Pakamwa pa Tionge

Mtendere, Lusaka
9 Ogasiti 2024

Okondedwa akulu anga a Ndaona,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Katete pamodzi ndi alamu ndi ana. Musadabwe kuti ndalemba pamanja m'malo moimba. Foni yanga anaitchera ndi Moven, ndipo masiku ano sindikuikhulupirira.

Moven ndi bambo wa ku Chainda amene ndinamulemba ganyu yopanga webusaiti ya kachipatala kanga ka mano. Ntchito amaidziwa, odwala ayamba kubwera ngakhale ochokera ku Kabanana. Tsiku lina anati, "Ba dokota, bantu bafuna kuona na maso. Tiikepo vithunzi va mano, poyamba na pambuyo." Nkhope ndinakana. Tinagwirizana zojambula pakamwa pokha, mwiniwake atavomera.

Mmodzi mwa ovomera anali Tionge, mayi wogulitsa tomato pamsika wathu. Anabwera alibe mano akutsogolo, akuti anagwa potsika minibasi. Akulu, ndagwira ntchitoyi zaka zambiri, minibasi sithyola mano choncho. Nditamuikira ena, anandiuza yekha kuti anathawa mwamuna ku Chawama ndipo akubisala kuno. Chithunzi chake ndinachiyang'anitsitsa chisanaikidwe, koma kachipsera ka pachibwano sindinakaganizire.

Sabata yatha bambo wina analembetsa pa webusaiti kuti dzino likumuwawa. Atabwera, ndinagogoda dzino lililonse, onse abwinobwino. Kenaka anatulutsa foni n'kukulitsa chithunzi chija ndi zala.

"Aba bamayi mwabakonza bwino maningi," iye anatero. "Bankala kuti?"

"Za odwala sitiulula, bambo."

"Awe ba dokota, ni mulongo wanga chabe. Ku nyumba bamufuna."

Anaseka, n'kutuluka mwaulemu. Inu mumati ndimathawa mvula mitambo isanabwere, choncho ndinayesa kudziuza kuti mwina ndi mlongo wake zoona. Koma pamene ndinkatseka madzulo, anali chikhalire pakantemba ka tsidya lina la msewu, botolo lake losatsegula.

Ndinauza Moven kuti achotse chithunzicho pompo. Anati magetsi athima, ndipo chinakhalapobe mpaka mawa lake. Nditafunsa kuti munthu wa ku Chawama angadziwe bwanji za kachipatala ka ku Mtendere, anavomera kuti wakhala akutsatsa webusaitiyo mpaka kumeneko osandiuza. Akulumbira kuti bamboyo samudziwa. Mwina akunena zoona, koma polumbirapo maso anali pa kompyuta.

Tionge ndinamupeza kumsika. Nditamufotokozera za bamboyo, anandifunsa chimodzi chokha: "Ali na chala chopindika?" Akulu, chala chimenecho ndinachiona pamene ankakulitsa chithunzi.

Webusaiti ndaitseketsa, odwala achepe ngati achepa. Pempho langa ndi ili: amene wakupatsirani kalatayi ndiye Tionge. Ndamukweza basi ndekha, katundu wake ndi kachikwama komwe mukukaonako. Mumusunge mpaka ndione kuti pakantemba paja sipakhalanso munthu. Ndi wolimbikira, kudimba adzakuthandizani. Anansi akafunsa, munene kuti ndi wachibale wa kwa amayi.

Moni kwa alamu, muwafotokozere muli awiri. Moni kwa ana, Chiso ndi Tiza, koma muwachenjeze kuti asamujambule, ngakhale pa kwaya. Musandiimbire. Akafika bwino, mungotumiza mawu akuti nthochi zapsa, ndipo ndidzagona.

Ndine mng'ono wanu,
Marjory