Msoko Uwu Si wa Achimwene

Lachitatu, 12 Malichi

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kuti miyendo ija yasiya kutupa. Ine kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi ya masana chifukwa pa foni simundimva, mumangoti "eya, eya" ngakhale ndikukufunsani funso. Muwerenge mutakhala pansi, ndipo muwerenge mpaka kumapeto.

Munandifunsa za achimwene. Chiyambireni mvula foni yawo sikupezeka, izi mukudziwa. Ine ndinakuuzani kuti musade nkhawa, ali moyo ndipo akugwira ntchito. Munati ndadziwa bwanji, ine n'kuzemba. Lero ndikufotokozerani.

Mukudziwa bokosi lanu la mapatani lija. Munthu akafuna kolala yonga ya chaka chatha simuyambanso kujambula, mumangotulutsa pepala n'kudula nsalu. Nafenso olemba mapulogalamu a kompyuta tili ndi bokosi lathu. Ndi pulogalamu ya pa kompyuta yanga ya ku ofesi, yosungiramo tizidutswa ta ntchito timene timabwerezabwereza. Kachidutswa kalikonse umakapatsa dzina n'kukaika m'gulu lake, tsiku lokafuna umangosaka n'kumata. Anandiikira ndi achimwene asanapite kutali kuja. Anakhala pa mpando wanga, ine chilili ngati mlendo, akusintha ichi ndi icho, mpaka analumikiza kompyuta yanga ndi laputopu yawo kuti bokosi likhale limodzi. Iwo akaikamo kanthu uko, kamatulukira kuno.

"Tsopano usamandivutitse pa foni, Kafupi iwe," anatero. "Zonse uzizipeza umu."

Ndiye foni itazima, tizidutswa tatsopano tinkabwerabe. Mtima wanga unali m'malo, n'chifukwa chake ndinakuyankhani choncho.

Koma ndinu munandiphunzitsa kuti msoko wa munthu sunama. Achimwene ntchito amaidziwa, koma kulongosoka ayi. Tizidutswa tawo amatipatsa mayina a m'mutu mwawo, kena "kaja kovuta", kena "usakhudze". Pamwamba amakonda kusiya mawu ondiputa: "Kafupi, apa sungafikire, kwera pa mpando." Tatsopanoti n'taukhondo, tolunjika ngati ta m'buku, topanda nthabwala ndi imodzi yomwe. Ndinadziuza kuti mwina akula. Koma munthu amene sanakule zaka zonsezi akule lero?

Lolemba masana anzanga anapita kukadya, ndinatsala ndekha ndi fani yathu yolira ija. Ndinatsegula gulu la tizidutswa takale. Ndikuyang'ana chonchi, mawu ondiputa aja anayamba kufufutika, mzere uwu, kenako winawo, manja anga ali pamiyendo. Wofufutayo sankafulumira. Ankachita ngati munthu amene akusesa m'nyumba yomwe wangosamukiramo kumene. Amayi, ndinaopa.

Ndinapanga kachidutswa katsopano n'kulembamo kuti, "Achimwene, ndinu?" Yankho linabwera ndisanachotse dzanja pa mausi.

"Ndine, mlongo wanga wokondedwa. Ndili bwino. Kodi amayi akukhala kuti masiku ano? Ndawasowa."

Chibadwire changa achimwene sananditchulepo wokondedwa. Komanso tsiku limene munasamuka, ndani anasenza makina anu osokera kukwera nawo masitepe aja, akudandaula msana njira yonse?

Ndinaitana a Mawaya, bambo amene amatisamalira makompyuta pa ofesi pano. Anatsegula pamene timasinthira zinthu za pulogalamuyo n'kundionetsa makina olumikizidwa. Analipo awiri, kompyuta yanga ndi laputopu ya achimwene, ndipo kadontho ka laputopuyo kanali kobiriwira, kutanthauza kuti ndi yoyaka.

"Laputopu ndi yawodi," anatero a Mawaya. "Koma amene wakhala patsogolo pake sindingamudziwe. Dinani apa, achemwali, muidule. N'kamodzi kokha basi."

"Ndikaidula, achimwene ndidzawapeza kuti?"

"Nanga panopa mwawapeza?"

Sindinadine. Kaya ndi uchitsiru, kaya n'chiyani, koma kadontho kameneko ndi ulusi wokhawo umene watsala pakati pa ife ndi iwo. Amene ali ndi laputopuyo akudziwa kumene anaitenga. Ndinapita ku polisi, anandilandira bwino, koma anati munthu wamkulu amene walemba yekha kuti ali bwino n'kovuta kumutcha wosowa. Anangoti adzabwera kudzaona kompyutayo. Funso lofunsa za inu lija sindinaliyankhe, ndipo ndinkadziona wochenjera.

Lero m'mawa ndiye ndaona zimene zandilembetsa kalatayi. Pulogalamuyi ili ndi mbali yosonyeza tizidutswa timene tatsegulidwa posachedwa. Pamwamba penipeni panali kachidutswa kamene ndinakaiwala kalekale, koika chizindikiro pa mapu. Ife tikamayesa kanthu kotere ngati kakugwira, timaika malo alionse amene abwera m'mutu. Anzanga amaika bwalo la mpira, ena ofesi yomwe ino. Ine ndinaika nyumba yanu, chifukwa ndikakusowani ndinkakonda kuona denga lanu ndi mtengo wa pa geti uja. Kachidutswako ine sindinakatsegule. Pansi pake pali mzere watsopano wa mawu amodzi: "Zikomo."

Ndafufuta zonse, koma madzi akatayika saoleka. Kadontho kaja, kamene kakhala kobiriwira masiku onsewa, panopa kazima. A Mawaya akuti zimatero munthu akatseka laputopu n'kuiika m'chikwama.

Ndikanakwera basi yomweyi, koma apolisi akubwera mawa ndipo akufuna ndikhalepo. Ndifika Lachisanu. Musaphike kanthu, musandikonzere pogona, ndikakupezani kwa azakhali.

Mundiperekere moni kwa azakhaliwo, ndipo mukapereke nokha, lero lomwe, mutanyamula mankhwala anu ndi zovala za sabata. Makina osokera asiyeni, madiresi a anthu adikira. Moni kwa amayi a nyumba yoyandikana nanu aja, koma musawauze kumene mukupita. Ndikanakonda kulemba kuti achimwene akupereka moni, monga ndinkachitira m'makalata onse, koma dzanja likukana.

Wina akagogoda musananyamuke, ngakhale aitane kuti "amayi" ndi mawu amene mukuwadziwa, chonde muyambe mwasuzumira pa windo. Ndikupempha chonchi ndikudziwa kuti kugogoda kumeneko mwakhala mukukudikira chiyambireni mvula, ndipo pa windopo simudzafika n'komwe.

Ndine mwana wanu wamkazi,
wokukondani ndi wokuderani nkhawa.